Masiku Atatu Seva Ili Chizimire

Sendererani pafupi, chifukwa nkhani iyi sindiinena mokweza. Ndiinena mmene ndinaionera, ndi mmene anandiuzira mwiniwake, Eneless Matewere, amene ndinkagona naye chipinda chimodzi chaka chathu chomaliza ku koleji. Kolejiyo sindiitchula dzina. Mukandifunsa kuti kwenikweni chinachitika n'chiyani, nanenso sindikudziwa, ndipo Eneless sadziwa mpaka lero.

Pa koleji pathu panali kompyuta imodzi yaikulu imene tinkaitchula kuti seva. Ntchito yake inali kusunga masamba a pa intaneti a aliyense wofuna: akwaya, a timu ya mpira wamanja, ophunzira oikapo ntchito zawo za m'kalasi, ndi anthu amene anamaliza kalekale koma anasiyapo mbiri yawo kuti olemba ntchito aziiona. Sinali ya akuluakulu a koleji. Anaiyambitsa ndi ophunzira, ndipo ankaisamala ndi ophunzira omwewo pamodzi ndi amene anaphunzirapo kale. Inkakhala m'kachipinda kopanda windo pansi pa masitepe a laibulale yakale. Chaka chimenecho kiyi wa kachipindako anali m'manja mwa Eneless. Womuthandiza anali a Fanuel Chipwanya, bambo wa ana awiri, amene anamaliza pa kolejipo zaka khumi m'mbuyomo ndipo ankagwira ntchito mtawuni.

Laibulale yakaleyo inkafunika kukonzedwa denga, ndiye Eneless anauzidwa kuti seva isamukire ku nyumba yatsopano kumtunda. Kumeneko amisiri anali asanamalize kuika zingwe, ndipo analonjeza kuti amaliza Lolemba m'mawa. Eneless anatumiza uthenga kwa onse kuti masamba saoneka kuyambira Lachisanu masana mpaka Lolemba. Lolembalo silinali tsiku wamba. Ikamati 2 koloko masana, ife a chaka chomaliza, anthu makumi asanu ndi limodzi, tinkayenera kuonetsa ntchito zathu kwa aphunzitsi odzatiyesa ochokera kwina, ndipo ntchito zonsezo zinali m'sevamo.

Lachisanu dzuwa lili paliwombo, anaizimitsa. Fani yake inali ndi kaphokoso kakekake, ngati munthu akukukuta chimanga chokazinga chapatali. Anazula zingwe zonse, n'kuinyamula awiri ndi a Chipwanya kudzaiika m'chipinda mwathu, pansi pa tebulo, ataifunditsa chitenje kuopa fumbi. Ine ndinaona ndi maso angawa. Chingwe cha magetsi anachikulunga n'kuchiika pamwamba pake.

Loweruka m'mawa foni ya Eneless inalira. Anali mayi wina wa ku Mzuzu amene anaphunzirapo kale, kuthokoza kuti masamba abwerera msanga.

"Sanabwerere, mayi," anatero Eneless. "Seva ili pano pamapazi anga."

"Nanga ichi ndikuonachi n'chiyani? Tsamba la mnzanga Agatha latseguka bwinobwino."

Eneless anaseka, nati mwina foni yawo inangosunga zakale. Atadula, anayesa pa foni yake. Tsamba lake silinatseguke. Langa silinatseguke. La kwaya ayi. Koma la Agatha uja, munthu amene Eneless anali asanamumvepo n'komwe, linatseguka, chithunzi chake chili poteropo, akumwetulira.

Anavundukula chitenje chija, anakhudza makinawo. Anali ozizira ngati mtsuko.

A Chipwanya anafika masana pa njinga yawo yamoto. Anakhala pampando ndi mndandanda wa mayina onse, opitirira mazana anayi, n'kumayesa limodzilimodzi. Poyamba ankayesa akuseka, akuti intaneti ili ndi makona ambiri mmene zinthu zakale zimatsalira. Atafika pakati pa mndandandawo anasiya kuseka. Pomaliza anawerenga amene anachonga. Analipo khumi ndi anayi.

"Bwanji mwangoti zii, achimwene?" anafunsa Eneless.

Iwo anapukuta magalasi awo nthawi yaitali.

"Mwa anthu awa, asanu ndi awiri ndinapita kumaliro awo. Agatha ndi mmodzi wa iwo."

"Nanga enawo?"

"Enawo sindikudziwa kumene ali. Mwina ali bwinobwino. Sindikudziwa."

Tili chikhalire choncho, kunja kunamveka odi. Anali mayi wa zaka ngati makumi atatu, kumapazi kuli fumbi la ulendo, foni ali nayo m'manja ngati wanyamula dzira. Anati dzina lake ndi Ndaziona Kadzuwa, mphunzitsi wa pulayimale ku Chingeni, ndipo akufuna amene amasunga masamba.

Nkhani yake inali yotere. Mchimwene wake Wyson anamaliza pa koleji pathu, anasowa ntchito, n'kupita ku Joni. Miyezi yoyamba ankaimba foni. Kenako anangoti zii, ndipo panali patatha zaka zisanu ndi chimodzi. Chimene chinatsala cha iye chinali tsamba lake pa seva yathu: chithunzi atavala gauni, ndi maphunziro amene anachita. Ndaziona ankalitsegula m'mawa uliwonse asanapite kusukulu, kungomuona nkhope. Dzulo lake, Lachisanu madzulo, pansi pa chithunzicho panaoneka mawu amene panalibe.

Anatipatsa foni. Panalembedwa kuti: *Ndanyamuka.* Pansi pake, ndi deti la tsiku lomwelo la Loweruka: *Tawoloka Limpopo.*

A Chipwanya anayang'ana pa mndandanda wawo. Dzina la Wyson Kadzuwa linali pakati pa khumi ndi anayi aja, kumbali ya amene sankadziwa kumene ali.

"Ndimati mundionere kumene akulembera, asisi," anatero Ndaziona. "Kaya nambala yake. Ndingomumva mawu."

Eneless anangowerama n'kuvundukulanso chitenje, kumuonetsa makina ozima ndi chingwe chokulungidwa. Anamufotokozera pang'onopang'ono kuti tsamba la Wyson limakhala mmenemo, ndipo pamene makinawo ali ozima palibe angalione, palibenso angalembepo.

Ndaziona anayang'ana makinawo, anayang'ana foni yake.

"Ndiye kuti ikazima m'pamene amatha kulemba?"

Za anthu asanu ndi awiri aja sitinamuuze.

Ndaziona anagona nafe. Lamulungu m'mawa anatidzutsa ndi foni yake kuti tione: *Tili pa mlatho wa Tete. Kukutentha.* Iye ankaseka misozi ikutsika, akuwerenga ndi zala kuti ngati ali ku Tete lero, mawa masana akhala atafika kwawo.

A Chipwanya anabweranso atachoka kutchalitchi, ali ndi maganizo atsopano. Anati payenera kuti pali wina amene walumikiza kompyuta ina m'kachipinda kakale kaja, yokhala ndi masamba akale, n'kumachita masewera ndi mitima ya anthu. Anati tipite tikamugwire. Eneless anatenga makiyi ake, ndipo apo m'pamene anaona kuti kiyi wa kachipindako palibe. Enawo analipo onse, pa waya yemweyo, wosamasuka paliponse.

Tinapita anthu anayi, dzuwa likuswa mtengo. Pa laibulale yakale tinapeza mlonda, a Mangulenje, atakhala pamthunzi ndi wailesi yawo. Iwo ankasunga kiyi wachiwiri.

"Mwabwera kudzawatsegulira anthu anu aja?" anafunsa.

"Anthu ati, bambo?" anatero Eneless.

"Amene akhala akulowa kuyambira Lachisanu. Ine ndimayesa ndi a komiti yanu. Ndi anthu aulemu, amapereka moni."

"Alipo angati?"

"Sindinawerenge. Amabwera mmodzimmodzi."

A Chipwanya anafunsa kuti ndi amuna kapena akazi, aatali kapena aafupi. A Mangulenje anatsegula pakamwa kuti ayankhe, kenako anakanda m'mutu. Anati akuwakumbukira bwinobwino, koma akati anene nkhope, ikuwathawa. Anati wina anali ndi chikwama. Anati sanaone aliyense akutuluka, ndipo atanena zimenezo anazimitsa wailesi yawo.

Chitseko cha kachipindako chinali chokhoma, loko ali panja monga Eneless anamusiyira. Tisanatsegule n'komwe, tonse tinaima. Mkatimo munkamveka kaphokoso kaja ka fani, kokukuta chimanga chokazinga.

"Mwamva?" anatero a Chipwanya, ngati akondwa. "Si ndinanena kuti muli makina?"

Anatsegula ndi kiyi wa a Mangulenje. Munalibe kanthu. Tebulo lopanda chinthu, mpando umodzi, zingwe zozulidwa zikulendewera pakhoma. Kachipindako anthu atatu sangakwanemo bwino, koma mpweya umene unatuluka unali wofunda, wa fungo la anthu ambiri, ngati wa m'minibasi yodzaza imene yatseka mawindo chifukwa cha mvula. Ndipo kaphokoso kaja kanalipobe. Ukaima pakhomo kamamveka pakona. Ukapita pakona kamamveka pakhomo.

A Chipwanya anagwada, anasuzumira pansi pa tebulo, anagogoda khoma, anatsatira chingwe chilichonse mpaka kumapeto kwake. Ndaziona anawadutsa n'kuima pakati pa chipindacho.

"Achimwene?" anaitana chapansipansi.

Kaphokoso kanasiya. Tinakhala choncho, osapuma bwino, mwina kwa mphindi yathunthu. Kenako kanayambiranso.

"Tiyeni tituluke," anatero a Chipwanya. Tinatuluka, iwo n'kukhoma loko.

Pobwerera Ndaziona anafunsa kuti zingatheke bwanji munthu kukhala ku Tete ndi m'kachipinda muja nthawi imodzi. A Chipwanya anati sakudziwa. Anafunsanso ngati zimenezi zikutanthauza kuti Wyson ali moyo kapena ayi. Iwo anati, "Achemwali, ine ndinaphunzira za makompyuta. Izi sindinaphunzire."

Madzulo a tsikulo, Ndaziona atapita kukasamba, foni ya Eneless inalira. Nambala yachilendo. Anali mayi ake a Ndaziona ndi Wyson, amene anapempha nambalayo kwa mwana wawo ponena kuti akufuna kuthokoza. Ine ndinali pafupi, ndipo ndinamva zonse.

"Ndiwe mwana wosunga makina uja?"

"Ndine, amayi."

"Yatsa chinthu chakocho, mwana wanga."

Eneless anati amayesa kuti iwo akudikira mwana wawo.

"Wanga ndinamulira kale, ndekha, osauza munthu. Anabwera kutulo zaka zinayi zapitazo, atavala bwino, n'kunditsanzika. Ichi chikubwerachi sindikuchidziwa. Agalu a pakhomo pano sanadye kuyambira Lachisanu. Angokhala pansi kuyang'ana kumsewu."

"Nanga ngati ali iyeyo, amayi?"



"Ngati ali iyeyo, miyendo ali nayo. Afika, kaya makina ako ndi oyaka kaya ndi ozima. Usamuuze Ndaziona kuti ndaimba."

Lolemba m'mawa tsamba linati: *Mwanza.* Ndaziona anakonzeka kuti akamudikire pa siteji ya kwawo ku Chingeni. Asanatuluke anagwira Eneless manja onse awiri.

"Musayatse mpaka atafika. Ndikamuona ndi maso ndikuimbirani. Ndilonjezeni."

"Anzanga ali ndi mayeso 2 koloko, asisi."

"Zaka zisanu ndi chimodzi, inu. Ine ndikupempha maola ochepa."

Eneless anati ayesetsa. Sananene kuti walonjeza, koma Ndaziona anamva ngati walonjeza.

Seva tinainyamula kupita nayo ku nyumba yatsopano. Amisiri anamaliza zingwe cha m'ma 11. A Chipwanya analumikiza zonse, kunangotsala kudina batani limodzi. Iwo anapinda manja n'kutsamira khoma.

"Ine sindikuuza chochita," anatero. "Chaka chino wosunga ndiwe."

Wani koloko itapitirira, tsamba linati: *Zalewa. Ndakwera minibasi.* Kuchokera pa Zalewa kukafika pa Chingeni ndi ulendo wa ola limodzi ndi theka, ngati minibasi siikuimaima. Eneless anawerenga, anawerenganso, ndipo nthawi sinkakwana.

Panja pa chitseko anzathu anayamba kusonkhana, atavala masuti ndi nsapato zopolisha. Ena ankagogoda, kufunsa ngati zatheka. Ineyo ndinali mmodzi wa oyenera kuonetsa ntchito, ndipo sindikunamizani, mtima wanga unali pawiri. Aphunzitsi odzatiyesa aja ananeneratu kuti galimoto yawo inyamuka 5 koloko, ndipo amene saonetsa ntchito yake adikira chaka chamawa.

Itakwana 2 koloko, Eneless anatsegula chitseko pang'ono n'kunama kuti chingwe china chavuta. Mtsikana wina, amene bambo ake anagulitsa njinga kuti iye amalize sukulu, anangokhala pansi pakhonde n'kubisa nkhope m'manja. Mphunzitsi wathu anabwera kawiri. Kachiwiriko anangoloza wotchi yake.

Mphindi khumi zinadutsa, kenako khumi zina. Eneless anali atagwira foni, akutsegula tsamba la Wyson mobwerezabwereza. Panaoneka mawu atsopano: *Phalula.*

"Watsala pang'ono," anatero Eneless. "Mphindi makumi awiri basi."

Akulankhula choncho, pansi pa mawuwo panatuluka mzere wina, ife tikuona. Sunabwere wonse nthawi imodzi. Unkabwera chilembo chimodzichimodzi, ngati wolembayo akuvutika kugwira.

*Sindili ndekha. Mayi akonze malo.*

Ndinayang'ana a Chipwanya. Iwo ankayang'ana pansi. M'chipinda chatsopanocho, chonunkha penti, makina ali chizimire, ndinamva kaphokoso kaja ka fani, kumbuyo kwathu.

Eneless anadina batani.

Anandiuza pambuyo pake kuti sakudziwa ngati anadina chifukwa cha anzake amene anali pakhonde, kapena chifukwa cha mawu a mayi aja, kapena chifukwa cha mantha chabe. Akuti dzanja linapita lokha.

Seva inayaka bwinobwino. Masamba onse anabwerera, ndipo tinaonetsa ntchito zathu mothamanga mpaka womaliza. Tsamba la Wyson linali monga linalili zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, chithunzi cha gauni ndi maphunziro ake. Pansi pake panalibe mawu alionse. A Chipwanya anafufuza m'makinamo mpaka madzulo, osapeza chosonyeza kuti munthu analembapo kanthu.

Ndaziona anaimba dzuwa litapendeka. Mawu ake anali odekha, ndipo zimenezo zinatiopsa kuposa akanakhala kuti akulira.

Anati cha m'ma 3 koloko pa siteji panaima minibasi yochokera ku Zalewa. Kondakitala anatsika n'kuima pambali, osaitanira anthu, akungoyang'ana m'galimoto yake yomwe. Ndaziona atamufunsa, iye anati pa Zalewa panakwera gulu la anthu amene anadzaza mipando yonse yakumbuyo, mpaka anakana anthu ena panjira ponena kuti mwadzaza. Anali anthu achete. Mmodzi yekha ndiye analankhula, kuti atsika pa Chingeni. Atadutsa pa Phalula kondakitalayo anacheuka kuti awauze kuti ayandikira, ndipo anapeza mipando yakumbuyo ilibe munthu. Minibasi inali isanaime paliponse. Amene anakhala kutsogolo ankakangana okhaokha, ena akuti kumbuyoko kunali anthu, ena akuti kunalibe chiyambire.

Pampando wapakona panatsala chikwama. Pa chogwirira chake panali kapepala kolembedwa dzina la Ndaziona, ndipo zilembo zake anazizindikira.

"Munali chiyani?" anafunsa Eneless.

"Nsapato za mwana. Zofiira, zatsopano, za mwana wa zaka ziwiri. Pamene ankachoka, mwana wanga anali ndi zaka ziwiri, ndipo anamulonjeza nsapato. Pano ali Sitandade 3. Mayi akana kuti chikwamacho chilowe m'nyumba. Chili pansi pa mtengo wa mango."

Eneless anayamba kupepesa, koma Ndaziona anamudula.

"Sindikukudzudzulani, asisi. Ndingofunsa. Mungadzaizimitsenso liti?"

Eneless anaizimitsadi. Pa holide, koleji ili yopanda anthu, anaizimitsa masiku atatu athunthu, kuyambira Lachisanu masana monga poyamba paja, Ndaziona atakhala pambali pake ndi foni m'manja. Palibe tsamba ndi limodzi lomwe limene linatseguka. Anapitanso ku kachipinda kakale kaja, n'kupeza amisiri aikamo matumba a simenti. Munali mozizira, muli zii.

Tsiku lachitatu Ndaziona anaika foni m'thumba, n'kuimirira.

"Ndiye kuti sali m'makinamu," anatero. "Anatsikira panjira, pakati pa Phalula ndi kwathu. Malo amenewo sawadziwa bwino, tchire lake ndi lofanana. Ndikamuyang'ana kumeneko."

Eneless anamaliza sukulu, anapereka udindo kwa wina, ndipo za masamba a pa intaneti sanazigwirenso. Pano amaphunzitsa masamu ku sekondale. A Chipwanya akadathandizabe ophunzira, koma anaika lamulo lakuti seva ikafuna kuzimitsidwa, isapitirire ola limodzi, ndipo akafunsidwa chifukwa chake amangoti makinawo ndi okalamba.

Ine msewu wa Zalewa ndimaudutsa kawirikawiri popita kwathu. Loweruka lina chaka chathachi, titangodutsa pa Phalula, ndinaona mayi akuyenda wapansi m'mbali mwa msewu, ambulera ili m'manja, akuima pa kanjira kalikonse kolowa m'tchire n'kusuzumira. Munthu amene ndinakhala naye pampando anati ameneyo ndi mphunzitsi wa ku Chingeni, amayenda choncho Loweruka lililonse, ndipo mutu wake uli bwinobwino. Ndinafuna kuuza dalaivala kuti aime. Koma ndinasowa choti ndikamuuze mayiyo, ndiye ndinangokhala, minibasi n'kupitirira.